Boti loti akweremo amayi

Tinabadwa asanu, ndipo pa nkhani ya boti chimene tinagwirizana msanga ndi chimodzi chokha: likhale la aluminiyamu. Zina zonsezi, utali wake, kukula kwa injini, amene aziliyendetsa, kumene lizigona usiku, tinakokanakokana nazo pa gulu lathu la WhatsApp mpaka mlongo wathu wa ku Lilongwe anatulukamo, tinachita kumubweza ndi mapepeso.

Kwathu ndi m'mbali mwa nyanja, ku dera la Nankumba m'boma la Mangochi. Mlendo wobwera pa galimoto m'chilimwe amati ku Monkey Bay ndi pafupi, ndipo sanama. Koma mvula ikakhazikika kamsewu kathu kamaduka m'makhwawa, a kabaza amakweza mtengo, ndipo amayi, amene mawondo anayamba kale kuwavuta, safunanso kumva za kukwera njinga yamoto. Sitinkafuna boti la bizinesi ayi. Tinkafuna loti amayi azifikira nalo ku chipatala ndi ku msika, ana akabwera pa holide azikaonera zilumba, ndipo Loweruka lina munthu uziponyako mbedza upeze ndiwo.

Amalume, amene akalambira pa chilimira, ankati tigule la matabwa basi, tisadzivute. Mawu awo sanali opepula. Boti la matabwa ndi lolemera, limakhazikika m'madzi, funde likalimenya silidumphadumpha, ndipo likabowoka mmisiri umamupeza pa gombe lililonse. Ku Mpwepwe kuno kwakhala kukukhomedwa maboti otere kwa zaka zambiri. Vuto lake limafuna mwini wake tsiku ndi tsiku. Likakhalitsa pamtunda matabwa amauma n'kutayana, tsiku lolibweza m'madzi limamwa. Likakhala m'madzi limafuna wokapa m'mawa uliwonse. Ndiye ife wina ali ku Johannesburg, wina ku Lilongwe, wina ku Mzuzu, pakhomo pali amayi, mng'ono wathu ndi ine wobwera kumapeto kwa sabata. La faiba nalo ndi labwino, koma ndi lolemera kulikoka pa mchenga, ndipo likagunda mwala limang'aluka. Gombe lathu miyala ndiye yosayamba. Aluminiyamu kulemera kwake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo, sachita dzimbiri, saola, chiswe sichimudziwa, ndipo akagunda mwala kawirikawiri amangophwanyika pang'ono kulowa mkati, osang'ambika. Boti lotere ukhoza kulisiya chafufumimba pansi pa mtengo miyezi itatu, ukabwera ulipeza momwe unalisiyira.

Pali chinthu chimodzi cha mbiri ya mabotiwa chimene chinandithandiza kuganiza. Anafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, pamene makampani a ku America opanga ndege za nkhondo anatsala ndi aluminiyamu wambiri ndi amisiri odziwa kukhoma maliveti, timisomali tolumikizira malata. Kampani ya Grumman inayamba kupanga mabwato, ndipo ku Minnesota kunabadwa Alumacraft mu 1946 ndi Lund mu 1948. Tsono Minnesota ndi dera la tinyanja zikwizikwi, tambiri toti tsidya lina ukuliona, mphepo ikavuta m'mphindi zochepa wafika pamtunda. Kapangidwe ka maboti ang'onoang'ono ambiri amene amafika kuno kanachokera ku madzi otero ndi ku mitsinje. Nyanja ya Malawi yathuyi ndi ina. Utali wake ukuposa makilomita 560, pena mulifupi mwake umafika 75, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita 700.

Titafunsafunsa tinapeza maboti atatu oti tikhoza kuwafikira titasonkha. Onse anali ogwiritsidwapo kale ntchito. Latsopano, ndi momwe kwacha inagwera mu November 2023 muja, sitinaliyerekeze n'komwe.

Loyamba linali lafulati pansi, lotalika mamita 3.6, kutsogolo kwake kwa makona ngati kumbuyo komwe. Linkagwira ntchito pa mtsinje wa Shire cha ku Liwonde. Lotsika mtengo kwambiri, lopepuka moti anyamata awiri analinyamula n'kuliika pamwamba pa pikiapu osatuluka thukuta. Mng'ono wanga analikonda pomwepo, ndipo ndikumumvetsa. Pa madzi odekha boti lafulati silipendama. Ukhoza kuimirira m'mphepete n'kukoka kampango osagwedezeka. Limayenda ngakhale pamene madzi akulekeza m'akakolo. Kainjini kakang'ono kamalithamangitsa. Mukanakhala kuti kwanu ndi ku Malombe, kumene nyanja yonse ndi yosaya, kapena ntchito yanu ndi yolowa m'mabango a mu Shire, boti lake ndi limeneli.

Tinaliyesa pa nyanja masana, kamphepo katangoyamba kumene, mafunde osafika n'komwe m'mawondo. Boti lafulati silidula funde, limalikwera n'kugwa chamimba. Phokoso lake ndi kugwedeza kwake zinali ngati wakhala kumbuyo kwa matola opanda katundu pa msewu wa mabampu: mano kugundana, msana kumva uliwonse. Madzi ankalowera kutsogolo kuja, pamene palibe mphuno yowapatula, n'kumatinyowetsa tonse. Ndipo m'mbali mwake munali mwafupi. Titakhala anthu atatu, kuchokera pa madzi kufika pa mlomo wa boti panatsala mwina chikhatho chimodzi ndi theka. Amalume anali pa gombe akuonerera. Titatsika sanalankhule zambiri, anangoti, "Mphwanga, limeneli ndi la mumtsinje. Libwezeni kwawo."

Anthu a kumtunda amadziwa mwera chifukwa ndi umene a zanyengo amachenjeza pa wailesi kuyambira cha mu May mpaka August kapena September. Umachokera kummwera chakum'mawa, ukhoza kuwomba masiku angapo osapuma, ndipo poti nyanja inagona motalika kuchokera kummwera kupita kumpoto, mafunde amanka nakula ulendo wonsewo. Sitima ya Vipya inamira mu July 1946 cha ku Chilumba, nyengo ya mwera, ndipo anthu 145 anafa. Inali yachitsulo, yatsopano. Koma ife a kummwera kuno tili ndi mdani wina amene satchulidwa kawirikawiri. Mpoto, umene umabwera nthawi ya dzinja, umatipeza utadutsa nyanja yonse, ndipo umabwera mwadzidzidzi limodzi ndi mitambo ya mvula. Taonani tsono: nthawi imene msewu wathu umaduka, imene botilo likufunika kwambiri, ndi nthawi ya mpoto yomweyo. Boti lopepuka lili ndi vuto linanso pa mphepo. Poti limayandama pamwamba penipeni, mphepo imalikankha chammbali, ndipo ukakhala wekha kumbuyo pa injini mphuno imadzuka, mphepo n'kuigwira.

Lachiwiri tilisiye kaye. Lachitatu ndi limene linatigawa.

Analipeza ndi achimwene a ku Joni, anatitumizira zithunzi usiku. Mamita asanu, lowotcherera lonse popanda liveti, aluminiyamu wokhuthala, pansi pake posongoka bwino, chiwongolero pakati ngati galimoto, mipando ya siponji, injini ya four-stroke (yosasakaniza oyilo mu petulo) ya mphamvu ya hosipawa 60, ndi thirela yake yokokera. Kunena zoona linali lokongola. Ndipo pa mafunde limeneli ndiye likanaposa onse atatu, zimenezo sindinatsutsepo. Achimwene anali ndi loto lawo lowoloka nalo kupita ku Makanjira, kumene kuli abale a malemu bambo, m'malo mozungulira pa msewu wa ku Mangochi umene aliyense wodutsako amaudandaula.

Ndinawayankha motalika, mwaulemu momwe ndikanathera. Ndinati achimwene, boti limenelo ndi injini yake anthu anayi sangalikoke pa mchenga. Limafuna thirela, thirela imafuna galimoto yamphamvu, galimoto imafuna polowera m'madzi polimba, ndipo kwathu kulibe chilichonse mwa zitatuzi. Ndiye kuti lizigona m'madzi pa nangula, mpoto ukabwera usiku mng'ono wathu azidzuka yekha kukalimbana nalo. Injini ya 60 ikatsegulidwa yonse imamwa malita pafupifupi 20 pa ola, m'dziko limene petulo timachita kugonera pa mzere. Ndipo injini zamakonozi zimayendera kakompyuta. Ikadwala imafuna makina oiyezera, pamene makaniko wa pa gombe lathu zida zake ndi sipanala, sikuludiraiva ndi khutu. Anakwiya pang'ono. Anati ine ndimakonda kuganiza mwaumphawi. Kenaka ananena mfundo imene mpaka lero ndimaivomereza: injini yaikulu imakuthawitsa mphepo, ukaona mitambo yada umathamanga n'kufika pamtunda isanakupeze. N'zoona. Koma injini yaikulu yomweyo ndi imene imakunyengerera kupita kutali kumene kumafunika kuthawa.

Mlongo wathu atabwerera m'gulu anangolemba kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, n'kufunsa funso limene tonse tinali tisanafunse: kodi m'boti mwenimwenimo muzikwera ndani, ndipo angati?

Apa ndiye anthu ambiri timadzinamiza. Timawerenga mipando. Mabenchi atatu, pa benchi anthu atatu, ndiye asanu ndi anayi, ana pamiyendo. Umo ndi momwe timakwerera minibasi, koma madzi sawerenga choncho. Maboti opangidwa ku fakitale amakhala ndi kachitsulo kolembedwa, kokhomedwa chakumbuyo mkati, konena kuchuluka kwa anthu, makilogalamu onse pamodzi, ndi injini yaikulu imene lingalandire. Ku America kachitsuloka ndi lamulo pa maboti a injini osafika mafiti 20. Kakasowa, kumeneko amagwiritsa ntchito kasamu kosavuta: utali kuchulukitsa ndi mulifupi, m'mafiti, kugawa ndi 15. Boti la mafiti 14 m'litali ndi 5 mulifupi limapereka anthu anayi ndi kachidutswa, ndipo munthu wake ndi wa makilogalamu 68, pa madzi odekha. Apongozi anga aakazi okha adutsa pamenepo kutali. Onjezanipo thanki ya petulo ya malita 25, nangula, thumba la chimanga limene amayi sangalisiye, muona kuti anayi aja asanduka atatu. Maboti ochokera ku Ulaya amalembedwanso chilembo. D ndi la madzi otetezeka, mafunde a masentimita 30 basi; C limapirira mafunde mpaka mamita awiri. Boti lolembedwa D pa nyanja yathu ndi loyenda nalo m'mamawa, m'mbali mwa gombe.

Tinavomerezana chinthu chowawa: palibe boti mwa atatuwa lonyamula banja lonse nthawi imodzi. Pa Khirisimasi ana azipita mosinthana. Pa maliro kapena pa ukwati, pamene mudzi wonse umafuna kukwera, yankho lizikhala ayi, ndipo woyankhayo azinamizira ife amene tili kutali. Mng'ono wanga anaseka, anati, "Achimwene, mukundipatsa ntchito yodedwa ndi mudzi." Sananame.

Tsopano lachiwiri lija. Mamita 4.3, mphuno yosongoka yodula madzi, pansi pake pamayamba mwa V kutsogolo n'kumanka paphwaphwatala chakumbuyo, m'mbali mwakuya mofika pamwamba pa bondo la munthu wamkulu, mabenchi atatu, lokhomedwa ndi maliveti. Penti inali itasupuka, mbali imodzi linali ndi chibonthomole cha mwala. Silinali lokopa maso. Kulemera kwake kopitirira pang'ono makilogalamu 100, koti amuna atatu kapena anayi amalikweza pa mchenga, awiri akaika mitengo yogudubuzira pansi. Pa mafunde aja amene analizunza lafulati, ili linkadula n'kumaponya madzi kumbali. Limagwedezeka ndithu munthu akamakwera, kuposa lafulati, ndipo ndi pamene ndinkaopa kuti amayi alikana. Tinalikokera mphuno pa mchenga, mng'ono wanga analigwira, amayi anakhala kaye pa mlomo wake, n'kulowetsa mwendo umodzi, kenaka winawo, n'kukakhala pa benchi ya pakati atagwira mbali zonse ziwiri. Anayang'ana m'mbali muja momwe munawafikira m'nthiti, anati, "Koma ili ndiye ndakhala mkati, osati pamwamba." Nkhani inathera pamenepo, ngakhale pa WhatsApp inapitirira sabata zina.

Kuya kwa m'mbali ndi nkhani ya ana kwambiri. Mwana wa zaka zinayi sakhala pansi, amafuna kugwira madzi, amafuna kuona nsomba. M'boti losaya akasuzumira thupi lonse limatsata mutu. Ndipo kwa amene amalowera ku Shire, mbali zazitali sizingakutetezeni kwa mvuu, imene mu May 2023 inagubuduza bwato lodzaza anthu ku Nsanje, koma zimachepetsa mtima wolendewetsa manja ndi miyendo m'madzi a ng'ona.

Chimene chinandidetsa nkhawa pa boti limeneli ndi maliveti, chifukwa aliyense amati lowotcherera ndilo lolimba. Ndinapita kwa wowotcherera wina pa tauni yathu yaing'ono, amene amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, kukafunsa ngati angathe kukonza boti la aluminiyamu litang'aluka. Anali munthu wachilungamo. Anatenga kachidutswa ka poto wakale, anakagunditsa ndodo yake yowotcherera, ndipo m'kuphethira kwa diso panali bowo loti chala n'kulowa. Anati, "Mwaona, bwana? Chitsulo chimafiira, chimandiuza kuti chapsa. Uyu safiira, amangogwa." Chifukwa chake n'chakuti aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, pamene kakhungu kopyapyala kamene kamamukuta pamwamba kamafuna madigiri oposa 2,000, ukamalimbana ndi khungulo, mkati mwasungunuka kale. Pamafunika makina ena, a TIG kapena MIG, ndi gasi wa argon, ndiponso dzanja lozolowera. Zimenezo uzipeza ku Blantyre kapena ku Lilongwe, boti utalikweza pa lole.

Liveti likamasuka nkhani yake ndi ina. Mmodzi amagwiriza chitsulo cholemera ku mutu kwake kunja, wina amamenya pang'onopang'ono ndi hamala mkati, latheka. Likakana umaliboola n'kuikapo lina, kapena kabawuti ndi guluu wa m'madzi podikira. Ndiye kwa munthu wa ku mudzi wa m'mbali mwa nyanja, boti lofooka pang'ono koma lokonzeka ndi hamala lili ndi phindu lake. Lowotcherera silidontha kawirikawiri, zimenezo ndi zoona, ndipo aluminiyamu wake amakhala wokhuthala, mamilimita atatu kapena kuposa, pamene la maliveti lambiri limakhala la pakati pa 1.3 ndi 2. Koma tsiku limene msoko wake wang'aluka, walira mvula walira matope. Chenjezo limodzi: musalole munthu awotcherere pafupi ndi mzere wa maliveti. Kutentha kumapsereza zomatira za pakati pa malata, ndipo pokonza bowo limodzi mubala ena khumi.

Tisanalipire tinaliyesa mwa njira imene amalume anaiseka poyamba, kenaka n'kuitengera. M'malo moliika m'madzi tinaika madzi m'botimo. Tinalikweza pa matayala akale pa malo ouma, ana anatunga ndi zidebe mpaka madzi anakwirira maliveti a pansi, osapitirira apo chifukwa kulemera kwa madzi kukhoza kupinda boti. Ine ndinagona chagada pansi pake ndi choko m'manja. Kwa kanthawi kunali gwa. Kenaka pa liveti lina chakumbuyo panatuluka kadontho, kanakula, kanagwera pa malaya anga. Ndinalizunguliza ndi choko. Ena ochepa anatsatira, onse kumbuyo kumene injini imagwedeza. Tinawamenya tsiku lomwelo pamaso pa wogulitsa, ndipo mtengo unatsikako. Chinanso choyang'ana ndi thabwa la kumbuyo pomangirira injini. Maboti ambiri a aluminiyamu pamenepo mkati muli pulayiwudi. Aluminiyamu saola koma thabwalo limaola. Gwirani injini kumunsi muikokere kumwamba ndi pansi: kumbuyo kukamapindika, thabwa latha. Lathu linali lofunika kusintha. Tinapewa matabwa aja obiriwira onyikidwa m'mankhwala, chifukwa mankhwalawo ali ndi kopa, ndipo kopa akakhudzana ndi aluminiyamu pa chinyezi amamudya.

Boti lochokera ku nyanja ya mchere, monga ku Durban kapena ku Beira, liyang'anitsitseni pansi pa mabenchi ndi m'makona. Mukaona timabowo tating'ono tokhala ndi ufa woyera, mchere unayamba kale ntchito. Madzi athu ndi ozuna, sadya msanga, komabe kawaya ka kopa kotayidwa pansi pa boti m'madzi okhalitsa kamasiya chipsera. Simenti yonyowa nayo imadya aluminiyamu, ndipo ndikunena izi chifukwa sabata yoyamba yomwe panabwera wachibale wofuna kuwolotsa matumba a simenti.

Za injini sitinakangane nthawi yaitali, gombe linatisankhira. Yendani kuyambira ku Makawa, Monkey Bay, Chembe mpaka Msaka muone chimene chapachikidwa kumbuyo kwa maboti a asodzi: Yamaha Enduro ndiye yochuluka. Ndi ya two-stroke, yosakaniza oyilo mu petulo, yaphokoso, yautsi, ndipo imamwa kuposa ya four-stroke ya mphamvu yofanana. Sindingainamizire ubwino umene ilibe. Koma pulagi, impela, pulopela, chingwe cholizira, zonsezi uzipeza pafupi, zatsopano kapena zochotsa ku ina yakufa, ndipo mnyamata wa pa gombe amaimasula kabuleta ali pa mchenga n'kuibwezera dzuwa lisanalowe. Kachitsulo ka boti lathu kamalola mpaka hosipawa 25. Tinatenga ya 15. Imalemera makilogalamu osafika 40, ndiye munthu mmodzi amaichotsa madzulo n'kukaigoneka m'nyumba. Ya 25 imadutsa 50, ndipo ya four-stroke ya 15 nayo ili cha pomwepo. Ikatsegulidwa yonse imamwa malita pafupifupi 7 pa ola, ukaibweza pang'ono imatsika kwambiri. Kuipa kwake n'kwakuti tikakhala akuluakulu anayi boti silidzuka kuti liziseseleka pamwamba pa madzi, limangolima. Tikakhala awiri limathamanga bwino. Achimwene amati tinagula njinga yakapalasa. Amayi sanadandaulepo za liwiro.

Pali kanthu kena kamene ogula ambiri amakadziwa atalipira kale: utali wa mwendo wa injini. Kumbuyo kwa boti kumakhala kwa mainchesi 15 kapena 20, ndipo injini nazo zili za mwendo waufupi ndi wautali. Mukaika yaifupi pa boti lalitali kumbuyo, pulopela imagwira mpweya, injini imangolira osakankha, ndipo madzi oiziziritsa sakwera bwino. Lathu ndi la 20, ndipo chimenechi ndi china chimene ndinalikondera, chifukwa funde lochokera kumbuyo, makamaka ukamafika pa gombe kapena ukazimitsa mwadzidzidzi, limalowera pamenepo. Lafulati lija linali la 15. Mukaliza injini diso lipite pa kamadzi kotuluka kumbuyo kwake, kakasiya, zimitsani. Nthawi zambiri ndi mchenga, pepala la pulasitiki kapena namasupuni watseka polowera madzi.

Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe, ndipo zimenezi zinayamba kale, mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku sizivuta. M'boti la pa banja, lokhala sabata zitatu osalizidwa, ethanol amakoka chinyezi, petulo amaonongeka, kabuleta imatsekeka. Ndiye lamulo lathu ndi lakuti pofika pa gombe umachotsa paipi ya petulo, injini iziyaka mpaka izime yokha, ndipo wosakaniza kale sasungidwa miyezi. Muyeso wa oyilo tsatirani buku la injini yanu; wofala ndi 50 kwa 1, kutanthauza theka la lita ya oyilo pa thanki ya malita 25. Woyezera ndi maso amaphetsa injini kapena amadetsa pulagi. Petulo wa pa ulendo timamugawa patatu: wopitira, wobwerera, ndi wosakhudza.

Aluminiyamu sayandama, zimenezi anthu amaiwala. Bwato la mtengo likagubuduka limakhalabe pamwamba, asodzi amaligwirira mpaka thandizo lifike. Boti la aluminiyamu likadzaza madzi, chimene chimaliletsa kupita pansi ndi zoyandamitsa zokhala ngati siponji youma zimene anaziika mkati mwa mabenchi. Eni ake ena amazichotsa kuti apeze posungira katundu, ndipo m'boti lakale zimakhala zitamwa madzi kapena makoswe atazidya. Lathu benchi imodzi inali yopanda kanthu. Tinadzazamo zigubu zopanda kanthu zotseka bwino n'kuzimangirira. Ma life jacket, majekete oyandamitsa munthu m'madzi, tinagula asanu ndi limodzi, awiri a ana okhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, ndipo ndalama yake inandiwawa kuposa ya nangula ndi nkhafi pamodzi. Anyamata a pa gombe amatiseka tikawavala. Amalume ndiye amakana, amati iwo anabadwira m'madzi. Amayi anawauza kuti, "Achimwene, m'boti la ana anga muvala, mukafuna kusavala bwato lanu lilipo." Amavala, koma samanga zipi. Chingwe chofiira chozimitsira injini chimamangidwa pa dzanja la woyendetsa nthawi zonse. Ukagwa m'madzi popanda chimenecho, boti limazungulira lokha n'kubwerera pomwe uli, pulopela ikuzungulira.

Zing'onozing'ono zimene palibe wogulitsa angakuuze: mu October aluminiyamu amatentha moti mwana wopanda nsapato amalira, ndiye tinayala timatabwa pansi ndi mkeka pa mabenchi. Ndi laphokoso, ukagwetsa sipanala nsomba zonse zamva. Boti la injini limayenera kulembetsedwa ku dipatimenti ya boma yoona za maulendo a pamadzi, ndipo a ku Monkey Bay tili ndi mwayi poti ndi kumene kuli doko la Ilala ndi sukulu ya za sitima. Pitani mukafunse musanakumane ndi apolisi a pa nyanja. Mukapita ndi ana ku Thumbi, Domwe kapena Mumbo, kumbukirani kuti zilumbazo zili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mamita 100 kuchokera ku gombe la paki saloleza kuwedza. Mbuna n'zoonera, mbedza zikhale m'thumba.

Kogona boti tinakambirananso. Boti la matabwa wakuba amafuna kuliyendetsa, ndiye limadziwika. La aluminiyamu akhoza kulidula zidutswazidutswa usiku umodzi, mawa lasungunulidwa, mkuja lili pa msika ngati mapoto. Choncho siligona pa gombe. Limakokedwa mpaka kuseri kwa khitchini, limatembenuzidwa, tcheni chimadutsa pa mphete ya ku mphuno n'kuzungulira mtengo wa mango. Ndi ntchito, ndipo masiku ena mng'ono wanga amadandaula kuti ulendo wa theka la ola ukumudyera ola lathunthu pokoka ndi kunyamula. Boti la achimwene lija sizikanatheka n'komwe.

Za ku Makanjira tinalemba m'gulu momveka kuti boti ili siliwoloka. Limayenda motsata gombe, pamene injini itazima nkhafi zikhoza kukufikitsa pamtunda, limanyamuka m'mamawa, ndipo mitambo ikada kumpoto ulendo wafa ngakhale amayi atavala kale. Achimwene anabwera pa Isitala, analiyendetsa mpaka ku Monkey Bay n'kubwerera, anati chiwongolero chogwira ndi dzanja kumbuyo chawapweteka phewa. Akuti akusungabe ndalama ya lalikulu lija, ndipo ayamba kufunsa mtengo womangira polowera thirela pa gombe la amalume. Ku Makanjira anapita pa galimoto, kudzera pa mlatho wa ku Mangochi.